Ndinazimitsa Magetsi pa Vidiyo Sho ya Tamanda

Ndinayenera kudziwiratu kuti zinthu sizidzatha bwino pamene Tamanda anandigwadira. Tamanda ndi mng'ono wanga, ndipo chibwerereni kuno ku Perth mawondo ake anali asanagundepo pansi. Ngakhale kutchalitchi amangowerama pang'ono ngati akufunafuna ndolo. Koma Lachinayi limenelo, ndili pakati pomusintha thewera Lonje, ndinangoona munthu wagwada pambali panga, manja ali pamodzi.

"Asisi, Loweruka masana muli ndi zochita?"

"Wapalamula chiyani?"

"Sindinapalamule. Ndimafuna mudzapite nane ku vidiyo sho."

"Ndiye mpaka kugwada?"

Anaseka kaseko kam'mphuno, n'kudzuka, n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Kuti mumvetse zomwe ndinakachita (musaseke msanga, malo osekera ali kutsogolo), mudziwe kaye kuti ine ndine munthu wamantha. Ndili ndi ana atatu. Awiri ndinabereka ndekha: Chisomo wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi Lonje amene wangoyamba kumene kuyenda. Wachitatu ndi Tamanda yemweyo. Amayi anatisiya ine ndili Sitandade 6, iye asanayambe n'komwe sukulu, ndiye yanga inathera pompo, yake n'kupitirira mpaka kudzafika kuno kudzaphunzira zosamalira odwala. Bambo a Chisomo ndi nesi kunyumba yosungirako okalamba, ndipo ine ndi ana tinapachikidwa pa viza yawo ngati zovala pa chingwe chimodzi. "Kuno usamalakwe ngakhale kakang'ono," amatero tsiku ndi tsiku. Amayi a kutchalitchi nawonso anandilandira ndi malangizo: kuno boma limalanda ana. Ukamumenya, alanda. Ukamusiya yekha m'galimoto, alanda. Ukamuonetsa zosayenera, alanda. (Sindinaonepo ndi maso anga wolandidwa, koma mantha safuna mboni.) Ndiye ine ndikalowa pamalo paliponse ndimayamba ndaona kuti chitseko chili kuti, ana anga ali kuti, ndipo akutiyang'ana ndani. Chomwe ndimaopa pa dziko lino n'chimodzi: kubwerera kunyumba mmodzi mwa atatuwa atasowapo.

Vidiyo sho ndimaidziwa. Kwathu ku Chinsapo inali kanyumba ka matabwa, pakhomo atatchinga ndi thumba la ufa, sipika ili panja ikulira mpaka kumsika, mkati muli mdima ndi fungo la thukuta, filimu yake yomenyana, womasulira akuika mawu a Chichewa m'kamwa mwa anthu amene Chichewa sanachimvepo. Tamanda ali Sitandade 3 ndinakamutulutsamo nditamugwira khutu. Ndiye lero yemweyo akundiitanira ku vidiyo sho, ku Australia. Ndinakonzeka monga ndikudziwira: chitenje choyala pa benchi, mtedza wokazinga, madzi, matewera, Lonje kumbuyo.

Loweruka kunali kamvula kozizira kaja ka kuno. Bambo a Chisomo anali kuntchito. M'sitima ndi momwe Tamanda anayamba kundifotokozera.

"Si zija za kwathu, asisi. Awa ndi anthu okonda mafilimu. Munthu amatenga filimu imene amaikonda, n'kudula tizidutswa, n'kutisoka pamodzi ngati mmene mumasokera zigamba, kenako n'kuikapo nyimbo. Kavidiyo kamodzi mphindi zitatu kapena zinayi. Ndiye pali mayi wina amene amasankha tabwino n'kutiika m'magulu, kuti tikamatsatizana tizinena nkhani imodzi."

"Filimu ya eni ake n'kuidula? Eni akewo akudziwa?"

"Asisi."

"Ndangofunsa."

"Nanenso ndapanga kanga. Akaonetsa lero."

Apo ndinamvetsa chomwe ankakhalira pa laputopu masana onse akaweruka kumsika waukulu wa ku Canning Vale, komwe amalongedza masamba ndi zipatso m'mabokosi kuyambira m'mamawa. Ndinanyadira. Koma ndinaonanso kuti m'mawa umenewo sanadye kanthu, Tamanda amene amadya ngati ali ndi mimba ziwiri, ndipo ulendo wonse anangoyang'ana pawindo ngati mvula sanaionepo.

Malo ake anali holo ya pamwamba pa laibulale, kufupi ndi siteshoni. Benchi panalibe. Munali kapeti, mipando yofewa, makatani akuda otseka mawindo, ndi tebulo la tiyi pomwe panali chiketulo chachikulu chamagetsi ndi timbendera ta utawaleza (ine ndinati eya, aganizirako ana). Anthu ake ndiye osiyanasiyana: wina ali ndi makutu a mphaka pamutu, bambo wina wa ndevu wadzifunda chinsalu chofiira chofika ku zidendene, ndipo mayi wosankha mavidiyo uja anali wachikulire koma tsitsi lake la buluu ngati inki.

"Ena amabwera atavala ngati anthu a m'mafilimu omwe amawakonda," anatero Tamanda.

(Mawu amenewa muwasunge. Ine sindinawasunge.)

Ndinasankha mipando ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndisanakhale n'komwe, Lonje anali atapeza kale chingwe cha magetsi chomatidwa ndi tepi pansi, chochokera pa tebulo la pakati pomwe panali laputopu ndi kamakina koponya zithunzi pakhoma, n'kudzalowa mu soketi ya pambali pa mpando wanga. Ndinamuchotsapo, n'kumubereka, n'kumanga chitenje kawiri.

Anazimitsa nyali za kudenga. Mayi wa tsitsi la buluu anayankhula, Tamanda akundinong'oneza.

"Akuti gawo loyamba ndi la kapitolizimu."

"N'chiyani chimenecho?"

"Mmene dziko limayendera kuti ena azigwira ntchito, ena azidya."

"Aa, kani chili ndi dzina?"

Ndikuuzeni zoona, gawo limeneli linandikomera. Kavidiyo kena kanali ka manja okhaokha: manja akusoka, manja akukolopa, manja akunyamula mabokosi, manja akutsuka miphika, ndiye pakatipakati n'kumatulukira kamwa la bwana likutafuna, nyimbo ikuthamanga ngati mtima wa munthu wochedwa kuntchito. Ndinayang'ana manja a Tamanda pa miyendo pake, osweka ndi kuzizira kwa m'chipinda chosungira masamba, ndipo ndinangowagwira. Kena kanali ka mtsikana wa mu ofesi wongonyamula makapu a khofi, kukwera masitepe, kutsika masitepe, mpaka bwana wake anamugenda ndi mapepala kumaso. Apo ndinaiwala kuti ndili kuti. Kwathu filimu timaiyankha.

"Iwe! Mwana wa mnzako ameneyo!"

Mitu yonse inatembenuka. Chisomo anamira mumpando mpaka kungotsala timaso. Mayi wa tsitsi la buluu anaseka n'kundigwedezera mutu, ine n'kudziuza kuti basi, kuyambira pano pakamwa ndatseka. (Ndikanangotero.)

Itakwana nthawi ya tiyi, Tamanda anati opanga mavidiyo ayenera kukakhala mzere wakutsogolo. Anandiyang'ana ngati afuna kunena kanthu, n'kungokonza kolala ya juzi ya Chisomo, n'kupita. Ndinamutsatira ndi maso: mzere woyamba, mpando wachiwiri kuchokera kukhoma, woyamba uli wopanda munthu. Ndinatsala ndekha wopanda womasulira.

Gawo lachiwiri silinafune womasulira. Linali la akuba. Amayi ovala majasi okongola akutsegula zosungira ndalama za m'mabanki, magalimoto akuthamangitsana, munthu akudumpha mpanda wa nyumba ya olemera atanyamula chithunzi chachikulu pamutu. Ndipo anthu m'holomo, anthu aakuluakulu, ena a imvi, wakuba akathawa ankawomba m'manja ndi kuimba malikhweru. Ndili mkati modabwa choncho, chitseko cha kumbuyo kwanga chinatseguka pang'onopang'ono.

Analowa wapolisi.

Wamkazi, mzungu, wamtali, chipewa chili pamutu, yunifolomu yosita bwino, unyolo uli m'chiuno ukunyezimira ndi kuwala kwa pakhoma. Sanakhale pansi. Anaima kumbuyo kwanga kwenikweni, n'kumayang'ana mitu ya anthu mzere ndi mzere ngati akuwerenga nkhuku. Ndipo anthu aja osaleka, akuwomberabe akuba m'manja, wapolisi ali pompo! Ine manja anga ndinawakhalira. Chisomo anatembenuka, n'kumuona, n'kumukupizira dzanja, wapolisi naye n'kukupiza. Mwana wanga amudziwa kale.

"Mum..."

"Khala chete."

"Mum, koma..."

"Ndati khala chete, yang'ana kutsogolo, usawombe m'manja, usapume mokweza."

Ndinaganiza zotuluka. Koma Tamanda anali kutsogolo, ndipo chitseko chinali kumbuyo kwa wapolisi.

Gawo lachitatu, mayi wa tsitsi la buluu anayankhula nthawi yaitali, dzanja lili pachifuwa, holo yonse ili zii. Kenako pakhoma panabwera madala awiri akuvina m'khitchini atagwirana m'chiuno, mmodzi ataika mutu paphewa pa mnzake. Ndinati mwina ndi pachibale. Kenako atsikana awiri padenga la nyumba, akuseka, akugawana chipewa, akuyang'anana, akuyandikirana, ndipo sanali pachibale ayi. Apo timbendera tija ndinatimvetsa.

Inu a kwathu mukudziwa. Zinthu zimenezi kwathu ndi nkhani ya kupolisi. Ndinamvapo pa wailesi anthu atamangidwa, ndipo ndinaonapo gulu likuthamangira galimoto likuimba nyimbo zonyoza. Ndinali nditamva kuti kuno amalola, mpaka kukwatirana kumene, koma ndinkadziuza kuti chololedwa kwa mwini mudzi si chololedwa kwa mlendo. Ndipo mawu a amayi a kutchalitchi anali kulira m'khutu: ukamuonetsa zosayenera, alanda. Ndinatenga chitenje chija chomwe chinasowa benchi n'kumufunditsa Chisomo kumutu. Mkati mwa chitenjemo munatuluka mawu a Chizungu, akuti mnzake wa m'kalasi ali ndi amayi awiri ndipo onse amabwera kudzamutenga.

"Ngodala ameneyo," ndinanong'ona, "ine ngakhale mmodzi ndilibe. Khala chete."

Ndiye wapolisi uja anayamba kuyenda. Pang'onopang'ono, m'mbali mwa khoma, atawerama kuti asatchinge anthu, kudutsa mzere wanga, wotsatira, wotsatiranso, mpaka kutsogolo. Anakhala pa mpando wopanda munthu uja. Pambali pa Tamanda.

Mayi wa tsitsi la buluu ananena mawu ambiri, koma limodzi ndinalimva bwino: Tamanda. Anthu anawomba m'manja. Pakhoma panatuluka dzina la mwana wa amayi anga, malembo akuluakulu oyera, loyamba ndi la bambo lomwe, umboni woti ngakhale loya sangaukane. Ndipo ndinaona ndi maso angawa wapolisi akutambasula dzanja n'kumugwira Tamanda pamkono.

Zomwe zinachitika m'mutu mwanga sizinatenge nthawi yomeza malovu, koma ndizifotokoze. Kwathu magetsi akazima, chilichonse chimatha. Msonkhano umatha, kwaya imatha, vidiyo sho imatha, anthu amangoti aaa n'kudzuka kumapita, ndipo palibe amafunsa kuti wazimitsa ndani. Magetsi akazima palibe mlandu. Mumdima palibe dzina pakhoma, palibe mboni, palibe mwana amene waona zosayenera. Ndipo soketi inali pambali pa bondo langa.

Ndinazula.

Masipika anangoti phu. Mdima wa ndiweyani. Amati kwa eni kulibe mkuwe, koma ine ndinakuwa ndi Chizungu chonse chomwe ndili nacho:

"Bulakauti! Sorry! Go home!"

Palibe anadzuka. (Anthu a kuno sadziwa mwambo wa bulakauti.) Laputopu ija, poti ili ndi batire, inapitiriza kuimba yokha ndi timawu tating'ono ngati udzudzu. Ine sindinadikire. Dzanja lamanzere Chisomo, chitenje chikadali kumutu, kumbuyo Lonje wadzuka akulira, phewa likukhula khoma, liwiro mpaka kutsogolo. Ndinaponda phazi la munthu, ndinagunda chikwama cha wina, bambo wa chinsalu chofiira ndinamupondera chinsalu chake mpaka anatsokomola. Nditafika mzere woyamba ndinapapasa, n'kupeza dzanja, n'kuligwira ngati nkhanu.

"Thawa! Usayankhule, tiye!"

Munthu anadzuka n'kunditsatira. Ndinamva kuti akulemera kuposa masiku onse, koma ndinati ndi mantha. Kutsogoloko kunali chitseko china cha kanyali kobiriwira pamwamba. Ndinachikankha ndi mutu, tonse n'kugwera m'khonde.

M'khondemo magetsi anali ngwee. Nyumba yonse inali ndi magetsi, Perth yense anali ndi magetsi. Ine ndinali nditangopha kamakina ka zithunzi, masipika ndi chiketulo cha tiyi. Ndinatembenuka kuti ndimuuze Tamanda kuti masitepe ali uko.

Ndinali nditagwira wapolisi.

Ndinapezeka ndili pansi, manja onse awiri nditawatambasula kuti amange, ndikumuuza m'Chizungu changa chothyokathyoka kuti atenge ine, ndazula ndine, Tamanda ndi mwana, sadziwa kanthu, filimu za eni ake tibweza, ana awa sanaone chilichonse, onani wina ali ndi chitenje kumutu. Chisomo anavula chitenjecho, tsitsi lili nyankhalala, n'kundiyang'ana ngati mayi ndi iyeyo.

"Mum! That's Aunty Beki!"

N'kupitiriza m'Chizungu chake chothamanga chija kuti Anti Beki ndi amene amabwera kupaki Lachitatu Tamanda akapita nawo anawo, amene anamuphunzitsa kupalasa njinga, amene Lonje anamusanzirapo paphewa. (Ine amene ndimadziwa kuti mwana wanga watsokomola kangati pa tsiku, zimenezi sindinkazidziwa.)

Ndinamuyang'anitsitsa wapolisi wanga. Baji yake inali ya pulasitiki. Unyolo unali wa zidole, wa m'sitolo ya ana. Kumapazi anavala nsapato zothamangira zapinki. Nkhope yake inali itafiira ngati tomato wakupsa, ndipo anali kamtsikana chabe, msinkhu wa Tamanda. Anavula chipewa. Ataona kuti ine ndili pansi, nayenso anatsika mpaka pansi, n'kuwomba m'manja mwaulemu katatu monga timachitira polonjera akulu, n'kuyankhula pang'onopang'ono, mawu ali olimba ngati nsapato zatsopano:

"Muli bwanji, alamu? Ndakondwa kukudziwani."

Alamu.

Mchimwene ndilibe. Kubanja la bambo a Chisomo kulibe mzungu. Wotsala ndi Tamanda. Samu imeneyo ngakhale wa Sitandade 6 amaitha, ndipo ndinaithera pansi pomwepo, manja ndikadatambasula.

Tamanda anali ataima pachitseko, dzanja lili pakamwa. Anayang'ana ine, anayang'ana Beki, n'kumukalipira m'Chizungu chomwe ndinachimva chonse popanda womasulira: anali atagwirizana kuti lero angonena kuti muli bwanji basi, zinazo n'za tsiku lina. Beki anayankha kuti wachita mantha, ndiye zonse zomwe analoweza zatulukira limodzi.

Kenako kunatulukira mayi wa tsitsi la buluu, akufunsa ngati mwana wavulala, poti ankaganiza kuti wina wakodwa ndi chingwe. Ndinadzuka, n'kuuza Tamanda kuti amasulire zonse osabisa: ndazula ndine, dala, ndimayesa mwana wanga akumangidwa. Mayiyo anagwira pachifuwa n'kunena kuti pa zaka zonse zomwe wakhala akuonetsa mavidiyo, anthu ena analirapo, ena anatulukapo mokwiya, koma wobwera kudzapulumutsa wopanga vidiyo anali asanamuonepo. Anafunsa ngati tingayambirenso ka Tamanda.

Ine ndinkafuna kunyumba. Manyazi anali atandigwira, m'mutu muli chipwirikiti, Lonje akundikoka tsitsi. Koma ndinaona Tamanda akundiyang'ana ngati mmene ankachitira akadwala malungo ali wamng'ono.

"Tiyeni," ndinatero. "Ndazimitsa ndine, ndikayatsa ndine."

Ndinayenda holo yonse, nyali za kudenga atayatsa, maso onse ali pa ine, mpaka pa soketi. Ndinalowetsa pulagi. Anthu anawomba m'manja. (Sindinadzimve, poti ndi omwe aja owombera akuba.)

Dzina linabweranso pakhoma. Ndipo m'munsi mwake munatuluka mawu ena, amene ndikanawaona ndikanangodikira mpweya umodzi. Anali a Chichewa, m'holo momwe odziwa kuwerenga Chichewa tinalimo awiri:

Kwa asisi anga amene anandilera. Pakamwa pandikanika, ndiye onani.

Kanali ka amayi awiri ogwira ntchito m'chipatala, a mu filimu ina yomwe sindiidziwa. Munalibe kupsopsonana. Tamanda anangotola tinthu tating'onoting'ono: mmodzi akuyang'ana mnzake mnzakeyo atatembenuka, kapu ya tiyi yosiyidwa pa tebulo popanda mawu, wina akukonza kolala ya mnzake, manja awiri akuyandikirana pa benchi ndiye munthu akalowa n'kubwerera msanga aliyense kwake. Kawiri, katatu, kanayi, manja akubwerera. Ndipo nthawi iliyonse mmodzi wa iwo ankayamba wayang'ana kuchitseko, kenako uku ndi uku, kuona kuti akuwaona ndani. Kayang'anidwe kameneko ndinakadziwa. Ndi kanga. Ndi mmene ndimalowera ine m'sitolo, m'basi, kuchipatala. Kani mwana wanga wakhala akuyang'ana choncho m'nyumba mwanga momwe, pa tebulo langa, akudya ndiwo zophika ine. Kumapeto, mmodzi anaima pakhomo pa nyumba ya kwawo, mnzake ali kumbuyo kwake, n'kukweza dzanja kuti agogode. Kavidiyo kanathera pomwepo, chitseko chisanatseguke.

Chisomo sindinamufunditsenso. Chitenje chinali ndi ntchito ina kumaso kwanga.

Pobwerera Beki sanakwere nafe. M'sitima, Chisomo akudya mtedza uja, ndinatembenukira kwa Tamanda.

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha, nthawi ya dzinja ngati ino."

"Ntchito yake yeniyeni ndi yotani?"

"Amayendetsa foloko kumsika kwathu. Kagalimoto konyamula mabokosi."

"Amakumenya?"

"Asisi! Ayi."

"Ndangofunsa."

Ndisakunamizeni kuti pofika siteshoni yathu ndinali nditamvetsa zonse. Mpaka lero sindinamvetse zonse. Ndinkaganiza za bambo a Chisomo, za amayi a kutchalitchi, za abale kumudzi amene foni imodzi imawakwanira kufalitsa nkhani boma lonse, za Mulungu amene ndimamupempha m'mawa uliwonse. Zonsezi zinkazungulira m'mutu ngati nsabwe za m'masamba.

Titafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Ndinalowa kuchipinda kwa Tamanda kukatenga bulangete la Lonje, ndipo chitseko chinagunda chinthu. Kuseri kwake kunali sutikesi, itaima, yotseka, yodzaza. Pabedi panalibe nsalu. Pashelefu panalibe mabuku. Ngakhale chithunzi cha amayi chomwe chimakhala pawindo panalibe.

"Tamanda! Ichi n'chiyani?"

Anabwera n'kuima pakhomo, maso ali pansi.

"Ndinalongedza m'mawa. Ndimati mukaona, mudzanena kuti ndisayandikirenso ana. Ndiye ndimafuna musavutike kundithamangitsa."

Mantha onse a tsikulo anasanduka ukali.

"Ana ake ati? Lonje atakomoka ndi kutentha thupi, anaimbira ambulansi ndani, ine ndikungolira? Makalata a kusukulu amandiwerengera ndani? Chisomo atasochera m'sitolo yaikulu ija anamupeza ndani?"

"Zimenezo Chisomo azitha yekha posachedwapa."

"Nanga iweyo azikuyang'anira ndani? Wa unyolo wa zidole uja?"

Anaseka akulira, mamina ndi misozi pamodzi, ngati ali Sitandade 1.

"Tamvera," ndinatero. "Alamu ako ndikamba nawo ndine. A kutchalitchi akafunsa, adzafunse ine. Zomwe sindikumvetsa udzandifotokozera pang'onopang'ono, mutu wanga ndi wochedwa koma umafika. Mnzakoyo abwere Lamlungu masana adzadye, avale zovala za anthu. Ndipo tsiku lomwe udzachoke m'nyumba muno udzachoka masana, ndikukuperekeza, ndi sutikesi yatsopano yogula ine. Osati kuzemba ngati aja a m'gawo lachiwiri."

Maso ake anathawira kuseri kwa chitseko, ndipo ndinadziwa kuti maganizo ozemba sanamuchoke. Ndiye ndinagwetsa sutikesi ija, n'kutsegula, n'kukhuthulira zonse pabedi, chithunzi cha amayi n'kuchibwezera pawindo. Ndinaikokera kukhitchini. M'kabati munali thumba lalikulu la usipa lomwe bambo a Chisomo anagula kwa mayi wina wa ku Zambia wokhala ku Malaga, dera lina la kuno, loti tidye mpaka Khirisimasi. Ndinalitsegula n'kukhuthulira usipa wonse m'sutikesimo, wopanda pepala, m'makona ndi m'timatumba ta m'mbali momwe, n'kutseka zipi, n'kuigwedeza bwinobwino, n'kukwera pampando kukaiika pamwamba pa wadiropu ya kuchipinda kwanga.

"Pita nayo tione," ndinatero.

Bambo a Chisomo ndinawauza m'mawa mwake. Mpaka pano nkhaniyi amailambalala ngati chithaphwi, koma Lamlungu lija anakhala nafe pa tebulo, ndipo Beki atatha mbale yoyamba anamukankhira mbale ya ndiwo osamuyang'ana.

Tamanda amati phunziro la nkhani yonseyi ndi loti ndizifunsa kaye ndisanazule zinthu. Mwina akunena zoona. Koma sutikesi ija ikadali pamwamba pa wadiropu yanga, ndipo mwezi uliwonse ndimakwera pampando kukawonjezeramo usipa wina, kuti fungo lisathe.